Mutu ukakula sulewa nkhonya, ngakhale ukhale wa selo

Akuluakulu poti mutu ukakula sulewa nkhonya ankanena za mwana wachisamba, uja maliro, milandu ndi fizi ya abale zimamupeza ali phee. Sankadziwa kuti mwambiwu ukugwiranso ntchito pansi pa mayikulosikopu ku Kamuzu University of Health Sciences, pafupi ndi chipatala cha Gulupu.

Chamoyo chilichonse chinamangidwa ndi maselo, ndipo maselowo ali pawiri. Oyamba ndi a bakiteriya, omwe asayansi amati prokaryote. Ameneyu ndi batchala wa ku Ndirande wa chipinda chimodzi: mbaula, mphasa ndi mapepala ofunika zonse pamodzi. DNA yake ili pambalambanda, yopanda chitseko. Milimita imodzi itadulidwa zidutswa 1,000, iye angakwane pa chidutswa chimodzi kapena ziwiri.

Achiwiri ndi eukaryote, maselo a munthu, a chimanga ndi a yisiti yofufumitsa buledi. Ambiri mwa awa amatenga zidutswa 10 mpaka 100, ndipo ndi nyumba ya mpanda ya ku Namiwawa. DNA anaikiyira m'chipinda chakechake chotchedwa nyukiliyasi. Kuli Golgi kolongedzera katundu, lysosome kowotchera zinyalala, ndi mitochondria, majenereta osazima.

Zipindazi si zodzionetsera ayi, ndiyo nkhonya ya ukuluyo. Selo limadyera pakhungu, limapumiranso pomwepo. Likanenepa kawiri, khungu limakula ka 4 pomwe mkati mwakula ka 8. Odya achuluka, khomo lolowera ufa lachepa. Ndiye likakula limakakamizika kumanga makoma amkati kuti malo ogwirira ntchito achuluke, komanso kuti asidi wosungunula zinyalala asakakumane ndi DNA pabalaza.

Majenereta aja nkhani yake ndi yoseketsa. Mu 1967 wasayansi Lynn Margulis anafotokoza kuti mitochondria anali mabakiteriya oyenda okha, amene analowa m'selo lina zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo. Alendi amenewa sanasamukenso. Mpaka lero ali ndi DNA yawoyawo, ndipo munthu amawatengera kwa mayi ake okha. Amang'anja ndi Ayao atamva zimenezi angangogwedeza mutu, poti mbumba ndi ya kuchikazi kuyambira kale.

Wachipinda chimodzi uja asapeputsidwe. Poti alibe zambiri zosamalira, zinthu zikamuyendera amatha kudzigawa pawiri mphindi 30 zisanakwane, pomwe selo la munthu limatha pafupifupi tsiku lathunthu likukonzekera. Blantyre anaziona mu Januwale 2023, pamene bakiteriya wa kolera, Vibrio cholerae, anachedwetsa kutsegulira sukulu mumzindawu ndi ku Lilongwe. Mliri wa kolera umenewo unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo pamenepa nthabwala palibe. Mnzake Salmonella Typhi anachititsa kuti ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa alowe m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi kuyambira mu 2018.

Wa zipinda zambiri naye ali ndi pomumenyera. Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, n'ka m'gulu la eukaryote, ndipo kanawonjezera boyizikota yotchedwa apicoplast, yomwe selo la munthu lilibe. Mankhwala a doxycycline amakagogoda pomwepo, ngakhale amapha mochedwa moti sapatsidwa okha kwa wodwala.

Alipo mabakiteriya amene anayesa kukula osamanga zipinda. Mu 1997 wasayansi Heide Schulz anapeza Thiomargarita namibiensis m'matope a pansi pa nyanja kufupi ndi Namibia. Amafika mamilimita 0.75, moti maso amamuona popanda makina. Atamusuzumira mkati anapeza kuti pafupifupi thupi lonse ndi thumba losungira nitrate, mwiniwake anadzipanikiza m'mbali mwa khoma. Ndi zija za chinyumba chosanja chimene chakhala zaka chisanafoleredwe, eni ake akugona m'kachipinda ka mlonda, pabalaza atasungapo matumba a simenti.