93 kapena 95? Kuno ndi ku Jenda

Anyamata a ku Mzimba akamabwera ndi galimoto kuchokera ku Joni, amanyamulanso funso: "93 kapena 95?" Ku Johannesburg funsoli ndi lanzeru ndithu. Nambala ikakula ndiye kuti petuloyo saphulika msanga mu injini, ngakhale kagalimoto wamba sikapindula kanthu mukakamwetsa wodula kuposa amene buku lake likunena.

Koma pa Jenda, achimwene, za manambala muiwale: pali petulo, pali dizilo, basi. Mtengo anakonza kale a MERA, ndipo petuloyo ngosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa kapena Chikwawa. Kusankha kwenikweni kumayamba mafuta akasowa: wa m'chigubu chachikasu, kapena wa m'botolo la mnyamata wabisala kuseri kwa amayi ogulitsa tomato uja.