Malangizo kwa matemba a ku Entre Lagos

Inu matemba a m'nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, dandaulo lanu lakuti mpweya wachepa m'madzi talimva. Pepani, koma vuto ndi lanu: mumapuma mosasamala ngati okosijeni ndi wa bambo anu.

Tengerani chitsanzo kwa mlamba. Madzi akasanduka phala, iye amangotulutsa pakamwa n'kumeza mpweya wa kunja, chifukwa ali ndi chiwalo chopumira pamtunda. Chilwa itaphwa mu 1968 ndi mu 1995, kodi munamva kuti mlamba wapita kukadandaula kwa amfumu? Inu ndi anzanu makumba merani chiwalo chomwecho msanga. Sabata ziwiri zikukwanirani.

Musamaimbe mlandu anthu. N'zoona tinadula mitengo m'mphepete mwa Likangala, Phalombe ndi Mnembo, dothi n'kutsetserekera kwa inu. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho chilichonse cholowa chimakhala momwemo. Nyanja ikachepa imatentha, madzi otentha sasunga mpweya wambiri, ndipo zinyalala zikamawola pansi zimadya wotsalawo. Mphepo ikavundula matope, mumayandama mimba zili m'mwamba. Koma ifenso tinkafuna makala, tiphikire inu nomwe.

Usiku zomera za m'madzi nazo zimapuma, n'chifukwa chake mbandakucha mumasonkhana pamwamba kukamwa kuli yasa. Khalidwe limeneli musiye. Apaulendo a pasitima yochokera ku Nayuchi angaganize kuti kuno kuli njala ya mpweya. Kukakuvutani kunyumba, musatengeke ndi njanjiyo kuti mukapume ku Nacala. Nyanja zamchere nazo zili ndi manda awo: ku Gulf of Mexico, feteleza wobwera ndi mtsinje wa Mississippi amasiya dera lalikulu lopanda mpweya chaka ndi chaka.

Chenjeraninso ndi anthu ofuna kukuthandizani. Mu 1995 asodzi a ku Chiuta mbali ya Malawi anathamangitsa eni makoka a nkacha, ati amavundula madzi n'kukokolola ndi tiana tomwe. Ena ku Chilwa analondera maiwe a m'mitsinje kuti wina asathiremo katupe, ndipo madzi atabwerera munaswana n'kudzazanso nyanja. Zoterezi zimakupusitsani kuti muzidalira anthu.

Mukaona khoka la neti ya udzudzu likubwera, lowani mwaulemu, musakankhane. Pathandala poyanikira nsomba mpweya ulipo wambiri, ndipo ndi waulere.