Botolo la SPF 50 ndi Chala Chaumbombo

Ine ndine mmodzi wa anthu aja amene pa botolo lililonse timawerenga chinthu chimodzi chokha, mtengo. Tizilembo tating'ono ta kumbuyo timati adalembera maloya. Ndiye mukandipeza lero ndikunena za mafuta oteteza khungu ku dzuwa, aja a m'famase olembedwa SPF, musafulumire kuseka. Mlandu wanga ndi umodzi: mafuta amenewa amakana nzeru zathu za mu komboni, nzeru zokoka chinthu mpaka mwezi uthe. Ife timang'amba chubu cha mankhwala otsukira mano ndi lezala kuti tikombe zotsalira. Timathira madzi m'botolo la sopo mpaka thovu lenilenilo kuyamba kudandaula. Mafuta ophikira timagula a m'kapulasitiki pa kantemba, n'kuwagawa masiku atatu. Luso limeneli latilera ndipo sindilinyoza, koma mukapita nalo ku mafuta a dzuwa, ndalama zanu mwagulira nambala yokha.

Tiyambe ndi nambalayo, poti ndiyo imatikopa. Mutu ngati wangawu ukaona 30 ndi 50 umawerengera ngati mabando a intaneti, kuti 50 ndiye pafupifupi kuwirikiza. Si choncho. SPF 15 imatchinga magawo 93 pa 100 a cheza chotchedwa UVB, SPF 30 imatchinga 97, ndipo SPF 50 imatchinga 98. Kuchoka pa 30 kufika pa 50 mwawonjezera gawo limodzi, pomwe thumba lanu lamva kuti mwawonjezera zambiri. Koma chondiwawa chili apa. Manambala amenewa amawapeza poyesa khungu lopakidwa mamiligalamu 2 pa kachigawo ka sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi. Kwa munthu wamkulu, thupi lonse, ndiye masipuni a tiyi 6 kapena 7, pafupifupi mamililita 35, ulendo umodzi wokha. Botolo la mamililita 200 silikwanitsa maulendo 6. Pamwamba pa izo amati mubwereze maola awiri aliwonse, kapena msanga ngati mwatuluka thukuta, ndipo ndiuzeni munthu amene satuluka thukuta mu minibasi ya ku Chawama mwezi wa Okutobala. Chala changa chaumbombochi chimatapa kadontho konga nsawawa n'kukamwaza nkhope yonse, khosi, makutu, mwinanso n'kusiyirako mwana. Wozola motero savala 50 yolembedwayo. Amavala kachidutswa kake, koma amayenda padzuwa molimba mtima ngati wavala malata.

Mawu ena a pa botolo ndi ofunika kuposa nambala. SPF imanena za UVB yokha, cheza chowotcha chija. Pali chinzake, UVA, chimene chimalowa mkati mwa khungu, kulikalambitsa, ndipo chimadutsa ngakhale pagalasi la zenera. Botolo lotchinga zonse ziwiri limalembedwa "broad spectrum" kapena limakhala ndi zilembo UVA m'kabwalo. Mukaona zinc oxide kapena titanium dioxide, dziwani kuti ndi mafuta abwino, ofatsa pa khungu la ana, koma ife akuda amatituwitsa ngati tachokera ku chigayo. Okhala ndi avobenzone kapena octocrylene satuwitsa chomwecho, ngakhale ena amati amawayabwa m'maso. "Water resistant" ndi mphindi 40 kapena 80 m'madzi, osati dzinja lonse la ku Kanyama. Kachithunzi ka kabotolo kotsekula kolembedwa 12M kakuti mukatsekula muli ndi miyezi 12, ndipo kutentha kumawononga mafutawa msanga, choncho kuwasunga pazenera pansi pa malata kudikira ukwati wa mlamu ndi kusunga chinthu chimene chikufa.

Ndikudziwa chimene ba neba akonzeka kundiyankha: ife ndife akuda, agogo athu adalima ku Petauke ndi ku Katete moyo wawo wonse osamva za SPF, za mafutazi n'zachizungu. Theka la mawuwo ndikulivomera. Khungu lakuda kwambiri lili ndi chitetezo chobadwa nacho chimene ofufuza adachiyerekeza ndi SPF 13, ndipo khansa yobwera ndi dzuwa siwirikiza pakati pathu monga mwa azungu a ku Australia. Ofuna kutiopseza amatchula Bob Marley, amene adamwalira mu 1981 ndi khansa ya khungu, koma yake idayambira pansi pa chikhadabo cha chala chakuphazi, mtundu umene dzuwa siliimbidwa mlandu. Asatigulitse botolo ndi maliro a Marley. Theka linalo ndikulikana. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo cheza chimakula ukamakwera. Miyezi yotentha, muyeso wa UV umapitirira 11, pamene bungwe la WHO limati ndi poopsa zedi, ndipo mitambo yopyapyala siletsa. Dzuwa limeneli limathandizira ng'ala m'maso ndi kudetsa zipsera za ziphuphu. Komanso agogo aja tisawanamizire. Ankalawira kumunda kusanache, chipewa chamlaza kumutu, dzuwa likafika paliwombo ali pansi pa mango. Mnyamata woumba mabuloko m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga alibe ndondomeko imeneyo, ngakhalenso amama ogulitsa tomato panja pa msika wa Mtendere.

Pali anthu amene nkhaniyi siwaseketsa. Kalembera wa 2010 adapeza anthu a khungu lachialubino opitirira 25,000 m'Zambia. Kwa iwo mafuta a dzuwa ndi mankhwala, chifukwa khansa ya khungu imawapeza akadali achinyamata, ndipo ambiri amafika ku Cancer Diseases Hospital zilonda zitakula kale. Woyimba John Chiti ndi bungwe la Albinism Foundation of Zambia akhala akulira za zimenezi zaka zambiri, ndipo filimu ya Can You See Us? yotengedwa pa moyo wake idafika pa Netflix mu 2023. Tidaionera, tidagwetsa misozi, koma masamu a mamililita 35 aja sitidawachite. Mayi wa ku George amene akugawa botolo limodzi kwa mwana wake mwezi wathunthu si waumbombo ngati ine. Mtengo ndi umene wamugwira dzanja, ndipo mafuta otere amayenera kupezeka pa kiliniki iliyonse mmene Panado amapezekera. Gulu lachiwiri ndi la ozola mafuta oyeretsa, aja a hydroquinone, mercury kapena ma steroid. Anthu awa amachotsa chitetezo chimene adapatsidwa ulere, kenako n'kuyenda masana kupita ku Soweto Market khungu lili lopyapyala, masaya n'kupsa. Sindiwaweruza, poti amuna ngati ine ndi amene timatembenuza khosi woyera akamadutsa, kenako n'kumaseka zala zakuda.

Wina ati, ndiye ukuti tisagule? Ndikuti munthu wa thumba ngati langa ayambe ndi zimene zimagwirizana ndi khalidwe lake. Shati ya manja aatali ya pa salaula safuna kuibwereza maola awiri aliwonse. Ingoiyang'anitsani kudzuwa musanalipire, kuwala kukamaoneka bwinobwino kuseri kwa nsaluyo, chezanso chikudutsa. Chipewa chokhala ndi mlomo kuzungulira chimaposa kapusi, imene imasiya makutu ndi khosi pamtetete. Ambulera ija timaisungira mvula imagwiranso ntchito mu Okutobala, ngakhale anyamata a ku Matero azikuyang'anani ngati mwasokonezeka. Kuyambira 10 koloko mpaka 16, chithunzithunzi chanu chikafupika kuposa inu, funani mthunzi. Botolo libwere pambuyo, la nkhope, khosi ndi manja, ndipo SPF 30 yozola mowolowa manja imaposa SPF 50 yozola ngati mafuta odzozera mfumu. Chala changachi ndikuchiphunzitsabe zimenezi, koma mpaka lero chikafika pakamwa pa botolo chimanjenjemera ngati cha kondakitala wofunsidwa chenji.