Mkuyu sunagulepo penti

Mtengo wa mkuyu takhala tikuunamizira kuyambira kalekale. Mnyamata akabwera pakhomo ndi mtsikana wosalala mopitirira, azakhali amayang'ana kumbali n'kunena chapansipansi kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yonyezimira ikafera pa Zalewa sabata isanathe chiigulireni, mwambi ndi womwewo. Koma mkuyu unalakwanji? Tizilombo tambiri timene mumatipeza mukang'amba nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono tolowamo kukaikira mazira, ndipo ndi tomweto timanyamula mungu kuti mtengowo ubereke. Ndi alendo ochita kuitanidwa, ndipo lendi amalipira. Mkuyu sunapitepo ku hadiweya kukagula penti woti ubisire kanthu. Ochita zimenezo ndi ife, ndipo umboni waima poyera m'mipanda ndi m'makonde athu a matabwa.

Matabwa apanja masiku ano ali ponseponse. Ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay, malo ogona alendo amayala khonde la matabwa pamwamba pa mchenga kapena pamiyala kuti mlendo azimwa chakumwa chake akuyang'ana nyanja. M'tauni, amene thumba silinamulole mpanda wa njerwa amakhoma wa zigwagwa, zotsalira zija pocheka matabwa, zimene zinapereka dzina ku msika wina ku Mzuzu. Ambiri mwa matabwawa ndi paini, ndipo paini wathu wotchuka ndi wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000 imene inadzalidwa mwamphamvu m'zaka za m'ma 1960 poyembekezera fakitale yaikulu ya zopangira mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe. Choncho mtengo umene unabadwira kukhala pepala, ife taupatsa ntchito yaulonda, kuti uime panja usana ndi usiku kulimbana ndi mvula ya Januwale, mbuzi za aneba ndi chiswe.

Mwa adani atatuwa, waulemu kwambiri ndi chiswe. Mvula imabwera ndi mabingu, mbuzi imabwera ikulira, koma chiswe sichifuna kusokoneza mwininyumba. Chimaopa kuwala ndi mpweya wouma, motero chimachokera pansi, kumanga kanjira kake ka dothi kuseri kwa nsanamira kumene simuyang'anako, n'kulowa m'thabwa. Chimadya m'kati monse koma kunja chimasiyako kakhungu kopyapyala, penti wanu osamukhudza ngakhale pang'ono, ngati chikudziwa kuti munamugula modula. Mpanda umakhalabe wokongola mpaka tsiku limene mlamu wanu wautsamira pofotokoza za mpira, n'kupezeka wagwera m'munda wa masamba wa aneba pamodzi ndi theka la mpandawo.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi msomali, bulashi pambuyo. Amaboola nsanamira pamene yalowera m'nthaka, chifukwa pamenepo m'pamene chinyezi ndi mpweya zimakumana ndipo kuola kumayambira pompo. Amaboolanso kumapeto kwa matabwa, kumene mtengo umamwa madzi kwambiri, ndi pozungulira misomali yadzimbiri. Vuto limakhala la womulemba ntchito, makamaka ngati ndi alandilodi amene akuyembekezera munthu wodzaona nyumba.

"Bwana, taonani," amatero mmisiri, msomali utamira ngati walowa m'papaya wakupsa. "Thabwa ili linatisiya kalekale."

"Achimwene, ine ndakuitanirani kupaka. Anthu akubwera Loweruka."

"Koma m'katimu mulibe kanthu, bwana."

"Ndiye pakani kawiri."

Amapakadi kawiri, poti ana kunyumba akufuna ndiwo. Loweruka wodzaona nyumba amasisita mpanda n'kunena kuti eni ake pano ndi osamala.

Chimene mwambi wa mkuyu uja sunatichenjeze ndi cholakwa chinacho, chotaya chabwino chifukwa chatuwa. Thabwa lililonse likakhala padzuwa limatuwa, chifukwa cheza cha dzuwa chimaphwanya zimene zimagwirizitsa ulusi wapamwamba wa mtengo, mvula n'kuzikokolola. Kutuwako n'kwapakhungu chabe. Mukalitsuka ndi sopo ndi bulashi yolimba, n'kulisiya liume, kenako n'kulipala ndi sandipepala motsata mizere ya mtengo, mtundu wake wakale umatuluka. Koma anthu amazula mlombwa wotuwa umene ukanakwirira iwo ndi ana awo, n'kuikapo paini wamuwisi chifukwa akuoneka wachinyamata. Mlombwa uja amaupereka kwa mlonda kuti akawothe.

Mtengo umene uli wokoma kunja ndi m'kati momwe, tinauchita zoopsa kuposa apa. Mkungudza wa paphiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umanunkhira ndipo chiswe chimaulambalala. Mbiri yabwinoyo ndi imene inauphetsa. Unadulidwa n'kutsitsidwa phirilo pamutu thabwa ndi thabwa, mpaka lero uli m'gulu la mitengo imene yatsala pang'ono kutheratu, ndipo akatswiri akuvutika kudzala mbande kuti ubwerere. Ukanakhala ndi nyerere m'kati, bwenzi uli chiimire.

Tibwerere pakhonde. Amalawife timakhulupirira vanishi. Chinthu chikanyezimira mpaka kuonamo nkhope, mtima umakhala pansi kuti ndalama yagwira ntchito. Pa kabati ya m'chipinda chochezera palibe mlandu. Koma panja, vanishi wamba amangokhala pamwamba pa thabwa osalowa, pamene thabwalo limafufuma kukanyowa n'kunyala kukauma. Posakhalitsa amang'aluka, madzi amalowera m'ming'alumo n'kusowa potulukira, ndipo thabwa limaola lili chivalire suti. Pofuna kupakanso, muyenera kupala yense wakaleyo, mawondo ali pansi, dzuwa la Okutobala lili pamsana. Mankhwala amafuta olowerera m'thabwa, aja amalisintha mtundu koma mizere yake n'kumaonekabe, sanyezimira ndipo sachititsa kaso achibale. Ubwino wake ndi wakuti akatha amangofwifwa osasupuka. Mumatsuka, n'kupakanso, basi. Kuti mudziwe ngati nthawi yakwana, donthezani madzi pathabwa: akaima timadontho, dikirani, akamwedwa, thabwalo lili ndi ludzu.

Ntchitoyi ndi ya chilimwe, matabwa atauma bwino, m'mawa kapena chakumadzulo, chifukwa pathabwa lotentha mankhwala amauma asanalowe. Ife timaikumbukira pa 23 Disembala, mitambo itada kale, chifukwa apongozi akubwera kudzadya Khirisimasi.

Palinso mankhwala a anthu osauka, oilo wakuda wa ku galaja, amene makaniko amakupatsani mokondwa poti anali kusowa kotaya. Amathandizako pang'ono, n'chifukwa chake mwambowu sukutha. Koma sauma kwenikweni, amatsikira m'nthaka kulowera kumene kuli chitsime, ndipo diresi loyera la mkwatibwi likaugunda mpanda woterowo nkhani yake imakafika kwa ankhoswe. Matabwa olowetsedwa mankhwala ku fakitale, aja amaoneka obiriwirako, ndiwo amapirira chiswe zenizeni. Ambiri amakhala ndi mkuwa ndi poizoni wa arsenic, motero zidutswa zake si nkhuni. Wowotchera chimanga pamoto wa matabwa amenewa akudyetsa ana chakudya chimene ngakhale chiswe chinakana. Nazonso nsanza zopukutira mafuta a linseed opaka matabwa zikaunjikidwa pakona zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni chotambasula kapena ziviikeni m'madzi, kuopa kuti mungapulumutse khonde ku chiswe n'kulipereka ku moto, kenako n'kuyamba kuganizira aneba zaufiti.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ilibe ulemerero: nsanamira ikhale pa simenti kapena pachitsulo osakhudza dothi, pakati pa matabwa pakhale mipata yoti madzi azidutsa, masamba asaunjikane, ndipo kamodzikamodzi munthu agwade, asuzumire kunsi n'kugumula tinjira ta dothi tija. Palibe amene anajambulitsapo chithunzi cha pa Facebook akusuzumira kunsi kwa khonde.

Ena amati chiswe timachibwezera mvula ikagwa, ngumbi zikatuluka m'chulu kudzazungulira nyale, ife n'kuzikazinga ndi kamchere. N'zoona, ndi a banja limodzi, ndipo zimakoma. Kungoti mayi wawo ali phee pansi pa chulu, akuikira mazira zikwizikwi tsiku lililonse, ndipo kusinthanitsa khonde lathunthu ndi mbale imodzi ya ngumbi ndi malonda amene ngakhale mavenda a ku Limbe sangawavomere.