Ulemu kwa agogo Mndandanda

Pakantemba kena pa Chalimbana, kufupi ndi yunivesite, pali kabuku ka ngongole kothimbirira ndi mafuta ophikira. Dzina ndi ndalama, dzina ndi ndalama, motsatana mmene anthu anabwerera kudzalira. Ukafunsa kuti, "Amayi, yanga yafika zingati?" amanyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kutsika dzina ndi dzina, iwe uli chiimire.

Kabukuka kali ndi mbale wake m'kompyuta, ndipo ndi iyeyo ndabwera kudzamuvinira. Ku Lisp, chilankhulo chimene John McCarthy anayambitsa mu 1958, amati association list. Ine ndimati agogo Mndandanda. Ku Haskell, chilankhulo china, alikonso, ndipo wowatsogolera ndodo ndi lookup.

Achinyamata amawaseka, ati ndi kamba. N'zoona. Data.Map wa ku Haskell amapachika mayina pamtengo mwadongosolo, moti pa mayina 1,000,000 amadumpha nthambi pafupifupi 20 basi, wakupeza. Agogo atha kuwayendera onsewo khomo ndi khomo, ndipo khomo lililonse moni. Koma tamufunsani Map wanzeruyo kuti anayamba kufika ndani. Kakasi! Waika kale Banda patsogolo pa Zulu, chikhalirecho Zulu anafika tambala asanalire. Ife a zilembo zakumapeto nkhanzazi tinaziona kalekale m'kaundula wa kusukulu.

Map wa ku Clojure ndiye amandimvetsa chisoni. Array-map amakumbukira bwinobwino anthu 8. Ukawonjezera wa nambala 9 amasanduka hash-map n'kuiwala amene anabwera koyamba, ngati mnzako akakwera paudindo. Python anachita kudikira mpaka 2018 kuti alonjeze zimene agogo anabadwa nazo.

Chimene ndimawagwadira kwambiri n'chakuti agogo safufuta. Ku Haskell cholembedwa chalembedwa. Ukabwezako K20, iwo amangoika mzere watsopano pamwamba. Wofufuza amaona watsopanowo n'kupita, koma wakale uja ali pansi phee, kusunga manyazi ako. Inde, mlendo ndiye amakhala kutsogolo, choncho mbiri yonse umaiwerenga chafutambuyo pokhapokha utaitembenuza ndi reverse. Nanga nkhalamba n'kulephera kukhala ndi kakhalidwe kake?

Chala cha amayi aja chinaima patsamba loyamba. "A Zulu, mazira, K35. Ya chaka chatha. Inuyo ndinu munatsegula bukuli."