Changotha kumene, achimwene

Malesitilanti a m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu amadziwa kulonjeza. Bolodi la pakhomo limati muli chambo, nkhuku ya lokolo, nyama ya mbuzi, mpaka mpunga wa kilombero. Lowani mufunse chambo. "Changotha kumene, achimwene." Nanga nkhuku? Nayonso yangotha kumene, chonsecho nthawi ndi 11 koloko m'mawa ndipo tambala ali pakhomo pomwepo akukuyang'anani mwachipongwe. Mapeto ake mumadya nsima ya nyemba ndi kabichi, n'kuthokoza kuti madzi osamba m'manja anali ofunda.

Chomwe sichitha kuno ndi mbatatesi. Kuzizira kwa kumapiri kumaiyanja, ndiye pa Lizulu chiwaya sichichoka pamoto. Tchipisi chake n'chonenepa, amachiwaza mchere ndi tsabola wa kambuzi, ndipo mumadya choimirira, mu Juni dzanja lina lili m'thumba la jekete.

Madzulo ndiye kuli nkhani. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire a dziko, choncho bambo akauza mayi a kunyumba kuti anali kunja, sananame ayi: anangowoloka phula kukamwa 2M ku Mozambique, n'kubwerako akupereka moni m'Chipwitikizi. Otsala tsidya lino amakhutchumula Chibuku pambali pa bawo, uku akukonza mtengo wa feteleza ndi pakamwa. Pakhoma palembedwa kuti ngongole mawa, koma kope la ngongole la mwini bala ndi lachitatu chaka chino, ndipo dzina loyamba ndi la mlamu wake.