Pikapu yanga yakwera ndi makireti awiri

A MERA atalengeza mu Okutobala 2025 kuti dizilo wachoka pa K2,734 kufika pa K3,500 pa lita, anzanga anangopukusa mitu n'kupitiriza bawo. Ine ndinayamba ndakhala pansi, chifukwa ndine mwini pikapu yaitali kuposa zonse kuno ku Nkhorongo, ndipo msinkhu umamwa mafuta. Sindikunena kutalika kochokera kumphuno kufika kumchira ayi. Ndikunena kopita kumwamba. Ikaima pagolosale, mbuzi zimausa mvula pansi pake osaweramitsa nyanga.

Musafulumire kundiseka. Amene sanakhaleko ku Mzuzu saidziwa mvula yathu. Kwina imatsazika mu Malichi, kuno imabwererabe mu Epulo, mu Meyi, ngakhale mu Juni kudzaona ngati tauma. Ukangosiya tala n'kukhotera m'tinjira ta kumakomo kwathu, umapeza malole a njerwa ndi mchenga akumba ngalande ziwiri, pakati n'kusiya mtumbira woti munthu wakhama akhoza kubzalapo mbatata. Pikapu yanga inkakhula mimba pamtumbirapo m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina inangokhalapo phee, matayala akumbuyo akupalasa mphepo, ana asukulu akuwomba m'manja.

Ndinapita nayo nkhaniyi ku bwalo la akatswiri. Bwaloli limakumana pamalo ena owotcherera zitsulo cha ku Luwinga, ndipo kuti ukhale membala umangofunika kukhala ndi pikapu, yoyenda kapena yogona pa njerwa. Kumeneko aliyense ndi injiniya. Wina ali ndi Hilux imene inamaliza kuyenda nthawi ya Bingu, koma ndiye wapampando wa nkhani za liwiro.

"Adada, injini yanu ilibe mlandu," anagamula makaniko wanga akupukuta manja pa ovolosi. "Vuto ndi matayala. Awa ndi a ngolo."

Pa matayala anga akalewo panalembedwa 195R14C. Anandimasulira kuti 195 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, 14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi, ndipo C ndiye kuti ndi la galimoto yonyamula katundu. Nditafunsa chifukwa chake tayala limodzi likuyezedwa ndi miyeso ya mitundu iwiri, anati azungu anakangana ndipo sanagwirizanebe. Bwalo linandilembera mankhwala: 31x10.50 R15. Kutalika mainchesi 31, m'lifupi khumi ndi theka, limu ya 15. Mwamva bwino, limu ya 15. Malimu anga a 14 anapuma pantchito tsiku lomwelo, ndipo awiri mwa iwo pano ndi mbaula.

Matayala atsopano sitipanga m'dziko muno. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa amayamba wakupatsa mpando asanatchule mtengo. Ndinathokoza mpandowo n'kulunjika kwa a kaunjika. Ndinabwerako ndi anayi, mayina atatu osiyana, mapanda ooneka ndithu. Mwana wanga wamkazi, amene sukulu ikumuwononga, anagwada n'kuwerenga timanambala tinayi tobisika m'mbali mwa tayala lina: 2314. Akuti awiri oyambawo ndi sabata, otsalawo ndi chaka chimene linapangidwa. Sabata ya 23, chaka cha 2014. Tayalalo ndi mkulu wake wa mlongo wake amene ali Sitandade 4. Lina lili ndi chizindikiro cha phiri ndi chipale chofewa, kusonyeza kuti analipangira maiko a chisanu. Ndinamuyankha kuti ku Mzuzu kumazizira, ndipo munthu wanzeru amakonzekeratu.

Titawamanga, galimoto inaoneka ngati ya bungwe. Chinangotsala ndi mlongoti wa wailesi ndi mzungu wa kabudula pampando wakutsogolo. Koma nditangopinda chiwongolero potuluka pageti, ndinamva khwee! Tayala likudya madigadi. Bwalo linakumananso mwadzidzidzi n'kugamula kuti thupi la galimoto likwere. Anatalikitsa zitsulo zogwira masipuling'i akumbuyo, kutsogolo n'kukunga ma torsion bar mpaka galimoto inachita kutukula mapewa.

Apa m'pamene kireti inalowa m'banja mwathu.

Ine Mulungu anandipatsa zambiri, koma msinkhu anagawa ndili kumunda. Mayi a kunyumba nawonso tinasankhana mofanana. Lamulungu m'mawa, atavala chitenje chawo cha chigwirizano, anaima pakhomo la galimoto, kuyang'ana mpando uli m'mwamba, kundiyang'ana ine, osanena kanthu. Analowa mu okala yawo, kukhuthula mabotolo a Fanta, n'kubwera ndi kireti. Anaigadamitsa, kupondapo, kulowa. "Tiyeni, abambo," anatero, "tingachedwe kumwamba kwenikweniko."

Kuyambira tsikulo kireti ndi chiwalo cha galimoto, chimodzimodzi batire. Mnyamata wanga wa Sitandade 4 uja ndiye kondakitala wake. Tonse tikakwera, amaitola, kuiponya kumbuyo, iye n'kukwerera pa tayala. Tikafika amayamba ndi iye kudumpha kukatiyalira. Akajomba, banja lonse limakhala m'mwamba kudikira wachifundo. Ku maliro ena ku Ekwendeni tinaiwala kireti pakhomo, chifukwa pokwera tinagwiritsa ntchito khonde. Apongozi anga anakhuza maliro onse ali pawindo la pikapu, anamfedwa akuchita kubwera okha kudzawapatsa moni chokweza dzanja. Mpaka lero kumudzi kumeneko amati mkamwini uja ndi wolemera kwambiri, apongozi ake saponda pansi.

Mvula yotsatira mtumbira unakula, galimoto n'kuyambanso kukhula. Mlamu wanga, membala wa bwalo amene pikapu yake ili ndi zitseko za mitundu itatu, anati tiwonjezere masipuling'i. Tinawonjezera. Kireti imodzi inachepa, tinatenga yachiwiri, ndipo pano timasanja masitepe: imodzi chogona, ina choimika. Koma kukhula kuja sikunasiye.

Amene anaulula chinsinsi ndi mwana wamkazi yemwe uja, ndi rula ya sukulu. Tayala lakale linali lotalika pafupifupi masentimita 67, latsopanoli 79. Kusiyana kwake 12. Koma ekiselo imakhala pakati pa tayala, choncho imakwera theka lokha: masentimita 6. Ndipo chimene chimakhula pansi si thupi la galimoto ayi, ndi diff, chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo. Masipuling'i amakweza thupi, diff amaisiya pomwe ili. Ndiye kuti ine ndi apongozi takwera makireti awiri, pamene diff yakwera zala zinayi zokha, ikulimabe msewu mwaulere. Ndinamuuza mwanayo kuti masamu a m'kalasi ndi ena, a pamsewu ndi ena.

A pamsewuwo ndinawaphunzira kwa apolisi a kamera. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limapita patali kuposa laling'ono, koma sipidomita imawerengabe ngati kuli akale aja. Muvi ukaloza 50, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 59. Ndinawafotokozera abwanawo sayansi yonseyi nditaima pa kireti kuti tionane m'maso. Anamvetsera mwaulemu kwambiri, uku akulemba lisiti.

Pachitunda, liwiro lonselo limathawa. Matayala aakulu amalemetsa magiya, ndiye pamene kale ndinkakwera ndi giya yachitatu, pano ndimachonderera yachiwiri, akabaza akundipitirira n'kumandifunsa ngati ndikufuna thandizo. Jeke wanga safikanso pa tchesisi. Sipeya sakwananso kumalo kwake pansi pa bodi, choncho amagona kumbuyo pamodzi ndi makireti, njerwa zothandizira jeke, ndi khasu. Malo a matumba a chimanga atsala a matumba awiri. Ndili ndi galimoto yonyamula katundu imene katundu wake wamkulu ndi zipangizo zokwerera galimotoyo.

Za magetsi ndingodutsapo. Munthu wam'mwamba amafunika kuona patali, ndiye ndinaika nyali zinayi pa bull bar. Mnyamata amene anazilumikiza anati relay ndi kuwononga ndalama. Fyuzi itapsa kangapo anaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Pano ndikayatsa indiketa ya kumanzere hutala imalira yokha, ndipo anthu a kumanzere kwa msewu onse amandidziwa ngati munthu wamoni.

Koma mundilole nditsike pa kireti pang'ono. Mu lita iliyonse ya mafuta imene timagula muli msonkho wa misewu. Opita kummwera amalipiranso pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni. Ndalama timapereka ndithu, tsiku ndi tsiku. Nanga zatheka bwanji kuti ife a bwalo la ku Luwinga, amuna a ndevu zathu, odziwa kulemba kalata ndi kuwerenga bajeti, tizithera Loweruka lonse kukangana za mainchesi a tayala, osapezeka ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti gileda inadutsa liti kwathu? Aliyense akukweza galimoto yake kuti dzenje likhale la mnzake. Mayi wodwala amene akupita ku chipatala usiku pa njinga ya kabaza alibe masipuling'i oti awonjezere. Mwana wa Sitandade 1 sangasinthe miyendo kuika ya saizi 31. Ndipo matayala athu aakuluwo ndi amene akukulitsa ngalande zimene iwowo akugweramo.

Ndinayankhula mawu amenewa ku bwalo, onse anagwedeza mitu, wapampando n'kunena kuti ndi mfundo yakupsa. Kenako wina anafunsa ngati 33x12.50 ingalowe osadula madigadi, ndipo tinakambirana zimenezo mpaka dzuwa kulowa. Akuti ikhoza kulowa.

Mayi a kunyumba amva kale mphekesera. Andiuza kuti kampani ya zakumwa imawerenga makireti ake, ndipo yachitatu sindiitenga ulere: ndilipire dipoziti, komanso lendi ya awiri oyamba aja kuyambira tsiku la chitenje. Apongozi atumiza uthenga kuti ulendo wotsatira adzabwera pa Sienta.